Kampani Ikafuna Kumanga m'Paki ya m'Mphepete mwa Madzi: Mmene Mungakonzekere Mtsutso

Pempho lomanga m'paki ya m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje limabwera ndi chithunzi chokopa: hotela yonyezimira, kapinga wobiriwira, ana akuthamangitsana, ndipo pansi pake pali mawu oti malowa adzakhala otseguka kwa aliyense. Chithunzicho sichingaimbe munthu mlandu. Zimene zimamanga kampani ndi mgwirizano wa lendi, pulani imene khonsolo yadinda, ndi zolembedwa pa chikalata cha malowo. Kaya mukukana ntchitoyo, kaya mukuifuna koma itakonzedwa, mtsutso wanu uime pa mapepala amenewa. Mawu oti "kutseguka" muwasandutse mamita, maola ndi zaka.

Yambani ndi umwini

Pitani ku ofesi yosunga zikalata za malo mukafufuze nambala ya puloti ndi mbiri yake. Malowo anafika bwanji m'manja mwa mzinda? Ngati amene anawapereka analemba kuti akhale paki, lamulolo kawirikawiri limatsatira malowo ngakhale makhansala atasintha kangati. Funsaninso ngati pamalopo kale panali madzi, anthu n'kukwirirapo dothi ndi miyala, chifukwa m'mayiko ena malo otere boma limangowasungira anthu onse, silingawagulitse mmene lafunira. Ku Chicago, boma la Illinois linapatsa kampani ya sitima zapamtunda ya Illinois Central malo aakulu apansi pa nyanja ya Michigan mu 1869. Mu 1892 khothi lalikulu la America linagamula kuti boma linalibe mphamvu yotaya malo amene linkasungira anthu, ndipo chigamulochi chikugwirabe ntchito m'milandu ya magombe kumeneko. Loya wodziwa za malo akuuzeni ngati lamulo la kwanu lili ndi mfundo yofanana nayo.

Kenako lembani kalata yopempha mapepala: mgwirizano wa lendi wathunthu pamodzi ndi zomata kumapeto kwake, lipoti la mtengo wa malowo, kafukufuku wa mmene ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe, ndi ndondomeko imene anatsata posankha kampaniyo. Sungani kope lodindidwa tsiku limene mwapereka kalatayo. Mudzauzidwa kuti mgwirizano ndi chinsinsi cha malonda. Musagonje msanga. Ku Toronto, boma la Ontario linabwereketsa gawo la Ontario Place, paki ya m'mphepete mwa nyanja, kwa kampani ya Therme kwa zaka zofika 95, ndipo anthu anakangana kwa nthawi yaitali asanaone mgwirizanowo, umene unatulutsidwa mu 2024.

Yezani nokha

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye musathamange. Sindikizani pulani ya kampani pa pepala lalikulu, mutenge makrayoni atatu. Wobiriwira mupake paliponse pamene munthu wopanda ndalama m'thumba angalowe, kukhala pansi, n'kutuluka nthawi imene wafuna. Wachikasu mupake pamene kampani ikuti m'potseguka koma makiyi ali nayo: khonde la lesitilanti, dimba la padenga, bwalo limene lingatsekedwe pakakhala phwando. Wofiira ndi wa nyumba, malo oimika magalimoto, msewu wa magalimoto obweretsa katundu ndi chilichonse chofuna tikiti. Werengani masikweya mita a mtundu uliwonse, pokumbukira kuti hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000. Chitaninso chimodzimodzi pa mapu a pakiyo mmene ilili lero. Kawirikawiri mudzapeza kuti chiwerengero cha "malo otseguka" cha m'kabuku ka kampani chaphatikiza wobiriwira ndi wachikasu, mwinanso ndi madzi enieniwo.

Njira ya m'mbali mwa madzi ifunika kuyezedwa mosamala. Funsani kuti m'lifupi mwake ndi mamita angati pamalo opanikizika kwambiri, chifukwa avereji imabisa pamene njira yafinyidwa pakati pa khoma ndi madzi. Njinga ziwiri za olumala zimafuna mamita pafupifupi 1.8 kuti zidutsane, ndipo njira ya oyenda pansi ndi apanjinga limodzi isachepere mamita 3. Pokwera pasapendekeke kuposa mita imodzi pa mamita 12 aliwonse. Funsaninso kuti akuyezera kuchokera pati. Akayezera pamene madzi amafika akaphwera, njirayo idzamira madzi akadzaza. Iyezedwe kuchokera pamene madzi amafika akakwera, ndipo mgwirizano unene kuti gombe likakokoloka njira idzasunthira kumtunda, m'malo a kampani.

Malamulo a mayiko ena angakupatseni poyambira. Ku France lamulo la 1976 limasiya mamita 3 a oyenda pansi m'mbali mwa nyanja yamchere ngakhale pa malo a munthu. Ku New Zealand mzere wosiyira anthu nthawi zambiri umakhala mamita 20. Lamulo la magombe la Spain la 1988 limasiya mamita 6, ndipo linaganiziranso chinthu chimene ambiri amaiwala: m'tauni, tinjira tolowera kugombe ta oyenda pansi tisatalikirane kuposa mamita 200. Njira yokongola ya m'mbali mwa madzi ilibe phindu ngati munthu ayenera kuzungulira mpanda wa kilomita yathunthu kuti aifike.

Mthunzi nawo uwerengedwe. Dzuwa likakwera madigiri 30 okha, nyumba ya mamita 60 imaponya mthunzi wopitirira mamita 100. Pemphani zojambula za mthunzi za m'mawa, masana ndi madzulo m'nyengo imene dzuwa limayenda motsika.

Pomaliza, werengani anthu. Imani pa geti lililonse kwa mphindi 15, m'mawa wa pakati pa sabata, madzulo, ndi Loweruka masana, mulembe kuti alowa angati ndipo akudzatani: osambira, owedza, okalamba, amayi a ana, ogulitsa. Mukatero, wonena kuti pakiyo ndi thengo lopanda ntchito adzayankhidwa ndi manambala.

Mverani mfundo ya ndalama

Mfundo yamphamvu ya kampani imakhala yakuti paki yawonongeka, khoma lotchinga madzi lang'ambika, ndipo mzinda ulibe ndalama. Nthawi zambiri zimakhala zoona, ndipo amene amazikana amataya makutu a makhansala. Paki ya m'mphepete mwa madzi imadya ndalama kuposa ya kumtunda. Brooklyn Bridge Park ku New York, ya mahekitala pafupifupi 34, inamangidwa pa madoko akale oima pa mizati yamitengo masauzande ambiri imene tizilombo ta m'madzi timafumbula. Ndalama zoisamalira zimachokera ku nyumba zogona ndi hotela zomangidwa pa kagawo kochepa ka malowo. Pakiyo inayamba kutsegulidwa mu 2010 ndipo anthu amaikonda, komabe kutalika kwa nyumbazo kunafika mpaka kukhothi. Choncho kugwirizana ndi kampani kungathe kupindula, malinga ndi zimene zalembedwa.

Funsani kuti kusamalira paki kumafuna ndalama zingati pachaka, lendi idzabweretsa zingati, ndipo idzalowa m'thumba la paki kapena m'thumba lalikulu la mzinda mmene idzasowere. Ndani adzalipira mapaipi a zonyansa, malo oimika magalimoto ndi khoma la madzi osefukira? Lendi ikhale yokwera motsatira mitengo ya zinthu: mitengo ikamakwera ndi 5 peresenti pachaka, lendi yosasintha imataya theka la mphamvu yake m'zaka 14 zokha. Akatchula ntchito zimene zidzapezeke, alekanitse za nthawi yomanga ndi zokhalitsa.

Zoyenera kulembedwa

Ufulu wa anthu wodutsa ulembedwe pa chikalata cha malo, kuti kampani ikagulitsa lendi kapena ikagwa, wogula aupeze pomwepo. Maola otsegula atchulidwe, pamodzi ndi masiku angati pachaka amene kampani ingatseke bwalo chifukwa cha zochitika zake. Malamulo a khalidwe akhale a mzinda, kuopa kuti alonda a kampani angayambe kuthamangitsa owedza, ojambula zithunzi ndi anthu amene zovala zawo sizikuwasangalatsa. Pakhale zimbudzi zaulere, mabenchi osafuna kugula kanthu, ndi chikwangwani pa khomo lililonse chonena kuti malowa ndi a anthu onse.

Ndime ziwiri ndizo zofunika koposa. Yoyamba: mbali ya anthu imangidwe kaye, ndipo chilolezo chotsegula hotela chiperekedwe njira ndi paki zitatha. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno; "gawo lachiwiri" la ntchito limakonda kudikira ndalama zimene sizibwera. Yachiwiri: kampani iike chikole ku banki, ndipo mgwirizano utchule woyendera malowo, kangati pachaka, ndi chindapusa cha tsiku lililonse limene geti lapezeka lotseka. Kufunika kwake kunaoneka ku New York, kumene makampani amaloledwa kumanga nyumba zazikulupo akalonjeza kusiyira anthu bwalo. Kafukufuku wa ofesi yoona za chuma cha mzindawo mu 2017 anayendera malo 333 otere, n'kupeza kuti 182 sankatsatira zimene analonjeza.

Pa tsiku la msonkhano

Wolankhula aliyense amapatsidwa mphindi zochepa, ndiye gawanani mfundo: wina mapu a makrayoni, wina lendi, wina madzi osefukira, wina amene amagwiritsa ntchito pakiyo tsiku ndi tsiku. Anthu khumi obwereza mawu amodzi amawerengedwa ngati mfundo imodzi. Aliyense amalize ndi pempho limene khansala angalivotere, monga lakuti nyumba ibwerere kumbuyo mamita 30, kapena lendi itsike kuchoka pa zaka 99 kufika pa 40. Perekaninso zonse molemba tsiku lotsekera lisanakwane, chifukwa khothi limayang'ana zimene zili m'faelo. Za ziphuphu musazitchule popanda umboni; mungasumiridwe, ndipo nkhani ya paki imathera pomwepo.

Chilolezo chikaperekedwa, nthawi yokadandaula kukhothi imakhala yochepa. Ku England ndi masabata 6 okha pa zigamulo za mapulani. Funsiranitu za kwanu. Ndipo sankhani anthu awiri oti aziwerenga zidziwitso za khonsolo mwezi uliwonse, chifukwa makampani amabweranso ndi mapempho osintha pulani, lililonse looneka laling'ono. Ku Barangaroo, dera la m'mphepete mwa madzi mu Sydney, pulani inasinthidwa kangapo, mpaka mu 2016 nyumba yaitali ya hotela ndi juga ya kampani ya Crown inaloledwa kumangidwa m'mphepete mwa madzi, pamalo amene pulani yoyamba inasiyira paki. Pempho lililonse lotere likatuluka, tenganinso makrayoni aja muyeze mwatsopano, muyerekeze ndi pulani yoyamba imene anthu anavomereza.