Momwe mungaonere mafilimu a anthu osanduka mimbulu ochokera m'mabuku

Yambani mwawerenga bukulo, kenako muonere filimuyo muli ndi funso limodzi m'mutu: kodi nkhaniyi ikudutsira m'maso mwa yani? Wolemba buku amatha kulowa m'maganizo a munthu amene akuopa usiku woti mwezi ukhala wathunthu, pamene amasanduka mmbulu, pomwe wojambula filimu amakakamizika kuonetsa zakunja, monga ubweya ukumera pamkono ndi nsagwada zikutalika, ndipo kusiyana konse kumayambira pamenepa.

Chitsanzo chabwino choyambira ndi Bad Moon ya 1996, yochokera m'buku la Wayne Smith lotchedwa Thor. M'bukumo zambiri zimafotokozedwa monga akuzionera galu wapakhomo, yemwe amanunkhiza kuti mlendo Ted sali bwinobwino koma alibe pakamwa poti n'kuuzira eni nyumba. Poonera filimuyo, yang'anitsitsani nthawi zomwe kamera yatsika n'kufika pamsinkhu wa galu, chifukwa m'pomwe pakusungidwa mtima wa bukulo. Kamera ikabwerera kwa anthu, nkhaniyo imakhala wamba.

Chachiwiri, fufuzani ngati malo asinthidwa, ndiponso chifukwa chake. Guy Endore adalemba The Werewolf of Paris mu 1933 ndipo nkhani yake imafika mpaka pa chipwirikiti cha mu Paris cha 1871, koma kampani ya Hammer itaijambula mu 1961 pansi pa dzina la The Curse of the Werewolf, Oliver Reed ali mtsogoleri wa ochita sewero, idaisamutsira ku Spain kaamba koti inali itamanga kale nyumba zooneka ngati za ku Spain za filimu ina imene idalephereka. Mfundo ya Endore yoti nkhanza za gulu la anthu pankhondo zimaposa za chilombo chimodzi idatsala m'buku.

Nthawi nayo muziiwerengera. Cycle of the Werewolf ya Stephen King ili ndi mitu 12, mutu uliwonse mwezi wake, koma m'filimu yochokera m'bukuli, Silver Bullet ya 1985, yomwe King yemweyo adalemba mawu ake, nkhani idapanikizidwa n'kukhazikika pa mnyamata Marty wa panjinga ya olumala.

Musafulumire kunyoza filimu chifukwa choti yapatuka pa buku. The Howling ya Joe Dante ya 1981 idasiya zambiri za m'buku la Gary Brandner la 1977, komabe ndi imene anthu amaikumbukira, makamaka pa luso la Rob Bottin loonetsa thupi likusandulika pang'onopang'ono pamaso pa kamera. Howling IV ya 1988 idatsatira bukulo mosamala, koma kuionera n'kotopetsa. Muzionere motsatizana ziwirizi, buku lili pafupi, ndipo mulembe zomwe filimu iliyonse idataya.