Jambulani tsamba limodzi basi, enawo kompyuta izunguliza yokha

Ulendo woyamba kupanga logo yozungulira ya kwaya ya kutchalitchi kwathu ndinavutika usiku wonse, duwa la masamba 12 ndikujambula tsamba lililonse palokha ndi mausi, kulikoka, kulipendeketsa, kulikankhanso pang'ono. Pa sikirini ndinkaona ngati zili bho. Atapulinta pa tisheti ndiye manyazi, duwa likuoneka ngati tayala la njinga lopindika masipoko, mbali ina mothinana mbali ina mipata. Chomwe ndinadzaphunzira pambuyo pake ndichoti anthu opanga madizaini ozungulira aja, kaya ndi a pa chitenje, pa kadi ya ukwati, pa sitampu ya sukulu, sajambula zonse zija ayi. Amajambula kachidutswa kamodzi, n'kuuza pulogalamu pomwe pali pakati, n'kuipatsa nambala.

Ine ndifotokoza za Inkscape chifukwa ndi yaulere, mungofunika bandulo yoidawunilodela basi, ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux yomwe. A CorelDRAW ndi a Illustrator musathawe, zanu ndinena kumapetoko, nzeru yake ndi imodzimodzi.

Tiyambe ndi pakati, chifukwa zikalakwika apa zonse zalakwika. Dinani Shift+Ctrl+D, pepala lanu likhale 200 mm uku ndi uku kuti masamu asavute. Kenako kokani gayidi, kamzere kolondolera komwe sikatuluka populinta, kuchokera pa rula ya pamwamba, ina kuchokera pa rula ya kumanzere. Musaziike ndi maso, dinani kawiri pa gayidi iliyonse mulembe 100. Pomwe zadutsana ziwirizo ndiye habu ya njinga yathu. Yatsaninso snapping, kamaginito kali kumtunda chakumanja kaja komwe kamakokera zinthu kuti zikakamire pamalo enieni, ndipo muzisankho zake muonetsetse kuti ma guides ndi rotation centers achongedwa, apo bii mudzangoganiza kuti mwafika pakati chonsecho mwaphonya ndi kachidutswa ka milimita komwe kadzaonekere pa banala yaikulu.

Tsopano tsamba. Dinani E mujambule kozungulira kotalika ngati nthangala ya dzungu, kaime chilili pamwamba pa habu paja, gayidi yoimirira idutse pakati pake. Shift+Ctrl+C kuti kasanduke path, kutanthauza mzere wa timadontho tomwe mutha kukoka, ndiye dinani N muona timadontho tinayi. Sankhani ka pamwamba, Shift+C kawiri, nsonga yasongoka, tsamba lija. Mukafuna mulipinde mimba, mulionjezere kamzere mkati, zanu zimenezo, koma mukaika tinthu tingapo tisankheni tonse n'kudina Ctrl+G tikhale gulu limodzi.

Apa ndi pomwe ambiri sadziwa. Mukadina chinthu kamodzi ndi muvi wosankhira zinthu uja pamabwera timivi tokulitsira, mukadinanso kachiwiri timivi timasintha kukhala tokhota, tozungulizira, ndipo pakati pa chinthucho pamaoneka kamtanda kakang'ono. Kamtanda kameneko ndiye msomali omwe chinthu chimazungulirapo. Kasiyeni pomwepo, tsamba lizingozungulira pamimba pake ngati phiko la fani lothothoka. Kakokeni mpaka kakakamire pomwe magayidi adutsana. Mukamva kuti kagwira, ntchito yaikulu yatha.

Masamu ake ndi a ku pulayimale: 360 kugawa ndi nambala ya masamba. Masamba 12 ndi madigiri 30, masamba 8 ndi 45, 6 ndi 60, 24 ndi 15. Tsegulani Transform ndi Shift+Ctrl+M, pitani pa Rotate, lembani 30.

Koma musanayambe kukopa, imani kaye. Pali Ctrl+D ndi Alt+D, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kudzakupulumutseni kasitomala akadzabwera madzulo n'kunena kuti masambawa aonda kwambiri tawanenepetsani. Ctrl+D imapanga kope yodziimira payokha, mukasintha loyamba enawo alibe nazo ntchito, muyambirenso. Alt+D imapanga clone, yomwe ili ngati chithunzithunzi cha loyambalo, mukapinda loyamba onse 11 apindika nthawi yomweyo, mukasintha kala onse asintha. Ndiye chitani chonchi: sankhani tsamba, Alt+D kamodzi kokha, kenako Apply mubokosi la Transform lija. Clone yapendekeka madigiri 30. Ikadali yosankhidwa dinani Ctrl+D, Apply, Ctrl+D, Apply, mpaka duwa litseke. Kope ya clone imakhalabe clone ya tsamba loyamba lija, ndiye simukupanga mzere wa mwana wa mwana wa mwana omwe umadzalemetsa fayilo. Mukasokonezeka kuti loyamba ndi liti, sankhani lililonse mudine Shift+D ikuperekezani kwa mayi wake. Ndipo posintha loyambalo gwiritsani N kukoka timadontho, osati kulinyamula lonse kulichotsa pamalo pake.

Kwa ofulumira, mabatani a [ ndi ] pa kiyibodi amazunguliza madigiri 15 kudina kamodzi, ndiye masamba 24, 12, 8 kapena 6 mutha kuwapanga osatsegula n'komwe Transform.

Nambala zovuta ndi monga 7. 360 kugawa 7 imapereka 51.428 n'kumapitirira, ndiye munthu umati aaa 51 yakwana. Siyinakwane. 51 kuchulukitsa ka 7 ndi 357, madigiri atatu asowa, ndipo onse atatuwo amakaunjikana pampata umodzi, pakati pa tsamba lomaliza ndi loyamba, diso la munthu limathamangira pomwepo ngati dzino loguluka. Mubokosi muja lembani 360/7 momwemo, Inkscape imawerengera yokha.

Palinso kamsampha kena mukamapanga theka osati chozungulira chonse. Onani mbendera yathu, dzuwa lotuluka lija lili ndi timizere 31. Timizere 31 tili ndi mipata 30 pakati pawo, ngati mitengo ya mpanda. Ndiye mukafuna timizere 31 tiyambire kumapeto uku kukathera kumapeto uko kwa theka la bwalo, mugawa 180 ndi 30 mupeza 6, osati kugawa ndi 31. Koma chozungulira chathunthu mipata imafanana ndi timizere, monga mbendera ija inabwera mu 2010 n'kuchoka mu 2012, ya dzuwa loyera lathunthu, timizere 45, pamenepo ndi 360 kugawa 45 basi, madigiri 8. Ndimakonda kuphunzitsira ziwirizi chifukwa aliyense amazidziwa.

Njira yachiwiri ndi yomwe ndimagwiritsa masiku ano ndikamangoseweretsa maganizo ndisanadziwe kuti ndikufuna masamba angati. Sankhani tsamba kapena gulu lija, pitani Path kenako Path Effects, sakani Rotate copies. Pomwepo masamba abwera okha. Pa Number of copies lembani nambala yanu, siyani Distribute evenly ili yochonga kuti igawe 360 yokha, ndiye za 360/7 zija simuziganizanso. Pakati pake mulemba pa Origin, kapena dinani N mukoke kadontho kake mpaka pa magayidi. Kukoma kwake ndikoti mutha kusintha 12 kukhala 16 kukhalanso 9 mukungoyang'ana kuti chikukongola ndi chiti, pomwe ndi ma clone mukanafufuta n'kuyambiranso. Mukachonga Mirror copies tsamba lililonse limayang'anizana ndi linzake ngati pagalasi, kamzere kokhota kamodzi kachabechabe kamasanduka chinthu chooneka ngati mwachivutikira sabata yathunthu. Ndipo ngati effect mwaiika pa gulu, dinani kawiri kulowa mkati mwa gululo, chilichonse mungajambule mmenemo chizibwerezedwa mozungulira.

Chenjezo lake, pa laputopu yokalamba ngati yangayi, mukaika makope 60 a chinthu cha timadontho tambirimbiri imayamba kuganiza kaye musanaone chomwe mwasintha. Ctrl+S pafupipafupi, magetsi sachenjeza.

Ena adzakuuzani za Create Tiled Clones ili pansi pa Edit ndi Clone. Imagwira, koma ili ndi matabu ambiri ndipo mukaiwala kuika Shift pa -100% masamba amamwazikana pepala lonse ngati nkhuku zaona kabawi. Kwa woyamba kumene ine ndimati isiyeni.

Duwa la mzere umodzi limaoneka losauka, dizaini imayamba kulemera mukaika mizere iwiri itatu kuchoka pakati kupita kunja. Chinsinsi chake ndi theka la ngodya. Ngati mzere woyamba uli ndi masamba 12 pa madigiri 30, wachiwiri muusunthe ndi 15 kuti masamba ake asuzumire m'mipata ya oyambawo, monga momwe amalukira lichero kapena momwe masamba a mpendadzuwa amakhalira. Nambala zizigwirizana, 6 mkati, 12 pakati, 24 kunja, kapena 8, 16, 32. Mukasakaniza 8 ndi 10 zimangokumana malo awiri, kwina konse zikukangana, ndipo woonayo sadziwa chalakwika koma amangoti sizikukoma. Langizo langa lina, zing'onozing'ono muziike kunja komwe kuli malo, mkati musadzazemo, chifukwa pafupi ndi habu zonse zimathinana ndipo pa sitampu inki imangopanga chibuluma chakuda.

Mudzakumananso ndi ili: masamba akamasanjikizana, lililonse limakhala pamwamba pa linzake bwinobwino mpaka lomaliza, lomwe limakwera pamwamba pa awiri onse, pomwe loyamba lapsinjika pansi pa awiri. Mukayang'anitsitsa mumaona pomwe munayambira. Kothawira kosavuta ndi kuchepetsa masamba m'mimba kuti asagundane, kapena kuika kabwalo pakati kobisa pomwe akumanirana. Ngati dizaini ndi ya kala imodzi, sandutsani onse kukhala ma path n'kudina Ctrl ndi + kuti alumikizane chikhale chinthu chimodzi, vuto latha.

Mawu ozungulira m'mphepete, monga dzina la sukulu pa baji, jambulani bwalo lomwe pakati pake pali pa magayidi pomwe paja, lembani mawuwo, sankhani zonse ziwiri, Text kenako Put on Path. Mukatero zungulizani bwalolo mpaka mawu akhale pomwe mukufuna. Bwalolo musalifufute, mawu agwa, ingolichotsani kala ya mzere lisaoneke.

Popita kokapulintitsa musatenge fayilo yomwe mukugwirirapo ntchito. Sevani ina ya dzina lina, m'menemo ma clone muwamasule ndi Shift+Alt+D, za Rotate copies ndi mawu omwe muzisandutse path ndi Shift+Ctrl+C, kenako sevani ngati PDF. Chifukwa chake malo ambiri opulintira mukapeza CorelDRAW, ndipo fonti yanu yokongola ija mwina kulibe, pulogalamu ingoikapo ina mawu n'kusefukira. Yoyamba ija isungeni momwemo ndi ma clone ake amoyo, kasitomala amabweranso.

A Illustrator tsopano: sankhani tsamba, dinani R, gwirani Alt n'kudina pomwe pali pakati, lembani ngodya, 360/7 imalolanso, dinani Copy osati OK, kenako Ctrl+D mobwereza chifukwa kumeneko Ctrl+D ndi kubwereza chomwe mwangochita. Mavesheni a kuyambira 2021 ali ndi Object, Repeat, Radial yomwe ikufanana ndi Rotate copies. Ku CorelDRAW kamtanda kaja ndi kabwalo kokhala ndi dontho pakati, kamabweranso mukadina kachiwiri, kakokereni pa habu, Alt+F8 itsegula Rotate, mulembe ngodya ndi nambala ya makope. Pamenepa samalani, makope ndi 11 ngati mukufuna masamba 12, poti loyamba lilipo kale. Mukalemba 12 lomaliza likagona ndendende pamwamba pa loyamba osaoneka, mudzalizindikira tsiku lomwe makina odula sitika adzadule tsamba limodzi kawiri n'kuboola pepala. Kuyambira CorelDRAW 2018 kulinso Symmetry, mumangouza kuti mizere ya galasi ikhale ingati n'kumajambula mbali imodzi.

Lero ingoyesani masamba 8 ndi Alt+D, madigiri 45, mukamaliza mubwerere pa tsamba loyamba ndi N mukoke nsonga yake pang'ono chakumbali, muone duwa lonse likupotoka limodzi ngati kachidole kozungulira ndi mphepo ka pa njinga ya mwana.