Mungadziwe bwanji kuti fund njovuta kwambiri musanayikemo ndalama zanu

Fund ndi thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti manejala azigulira masheya ndi zina zotero. Funso loyamba lisakhale loti ndipindula zingati, funsani kuti ndalama zanga zingatayike bwanji mmenemu. Wogulitsayo akamazungulirazungulira osayankha zomveka, kapena inuyo simungathe kufotokozera mnzanu mawa lake, fund imeneyo siyanu olo itakhala yabwino kwa mabanki ndi akatswiri awo.

Kenako funsani zomwe amagula ndi ndalamazo. Fund yongogula masheya a makampani ambirimbiri kapena ma bond a boma (ngongole zomwe boma limatenga kwa anthu) njosavuta, msika ukakwera nanu mwakwera, ukatsika mwatsika basi. Koma mukaona mau ngati leveraged, inverse, structured kapena swap imani kaye. Ma leveraged ETF ndi ma fund olonjeza kuchulukitsa kukwera ndi kutsika kwa msika, mwachitsanzo kawiri, koma ambiri amawerengera tsiku lililonse palokha ndiye taonani izi, msika uli pa 100 watsika kufika 90, mawa lake wabwerera pa 100. Fund yolonjeza kawiri ija itsika kufika 80 ndipo pokwera ikathera pafupifupi pa 98. Msika uli pomwe unali koma inu mwaluza, ndipo msika ukamavinavina chonchi miyezi ingapo ndalama zimangosungunuka mwakachetechete, ambiri amazindikira mochedwa.

Funsaninso kuti amene akulonjeza kukubwezerani ndalamayo ndani kwenikweni, chifukwa nthawi zina si banki yomwe yakugulitsaniyo. Banki ya ku America ya Lehman Brothers itagwa mu 2008 anthu wamba ambiri ku Hong Kong ndi Singapore analira ndi ma minibond, mapepala a ngongole odalira Lehman yemweyo, omwe anagula kumabanki awo akuganiza kuti ndi zotetezeka. Ine zimenezi zimandiwawa, ena anali okalamba oti sangayambirenso.

China nchakuti mukazifuna ndalama zanu muzipeza liti. Fund ya Woodford Equity Income ku UK inkalola anthu kutulutsa ndalama tsiku lililonse koma mbali ina ya ndalamazo inali mmakampani osagulitsika msanga, anthu atachuluka ofuna zawo, mu June 2019 anaimitsa kutulutsa ndipo kenako fund inatsekedwa anthu nkulandira zoperewera. Ndiye akamati mutha kutenga nthawi iliyonse pomwe mkatimo muli nyumba, ngongole za makampani kapena masheya osalembetsedwa pamsika, pamenepo pali vuto.

Pemphani kapepala kachidule ka fund. Ku EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, lamulo limati kasapitirire masamba atatu ndipo kamaonetsa chiopsezo kuyambira 1 mpaka 7, koma musakhulupirire nambalayo yokha, imadalira kwambiri mmene mtengo unkasinthira kale, zoti mawa akhoza kutseka chitseko siyikuuzani bwinobwino.

Pa kapepala komweko yang'anani zolipira zonse, polowa, potuluka, zapachaka ndi zomwe manejala amadula fund ikapindula. 2 peresenti pachaka imaoneka yochepa koma pa zaka 30 imadya pafupifupi 45 peresenti ya zomwe mukanakhala nazo. Mukalephera kuphatikiza zolipirazo nokha ndi kakyuleta, muuzeni wogulitsayo akulembereni nambala imodzi papepala musanasaine.