Chiperoni ndi makhadi a tsiku lobadwa

Kuno ku Thyolo chiperoni chikayamba mu June, mapepala opangira makhadi amamwa chinyezi n'kufewa. Ndikawaika m'makina odulira timaluwa ankanyotsoka m'mbali m'malo moduka bwino, inki ya chidindo nayo n'kumafalikira mpaka zilembo osawerengeka. Zinkandiwawa, poti khadi limodzi limadya nthawi.

Pano mapepala ndimasunga m'chidebe chapulasitiki chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Ndisanayambe ntchito ndimaphimba pepala ndi kansalu n'kulisita ndi simbi yongofunda, ikatenthetsa limapindika. Ndimadinda kaye, inki iume ndithu, kudula pambuyo. Inki ya pigment, yolimba yomwe imakhala pamwamba pa pepala, imachedwa kuuma, choncho nyengo ino ndimadindira ya dye, yamadzimadzi yomwe imalowa m'pepala.