Malangizo a kayeletsedwe na kasinthidwe ka mapaipi a vacuum pa motoka yakale

Malangizo aya ni a mapaipi ang'onoang'ono a labala amene amagulitsidwa pa mita m'mashopu a masipeya ku Limbe na ku Ndirande kuno ku Blantyre. Tawalemba m'Cinyanja poganizila inu a ku Chipata, Katete na Lusaka amene mumagula mapaipiwa kuti mukaike nokha. Akukhudza motoka zakale za petulo monga Toyota Corolla, Nissan Sunny na Datsun, kaya ni za kabuleta kapena za injection.

M'paipi ya vacuum simuyenda madzi kapena mafuta. Injini ikamalila mapisitoni amakoka mpweya, ndipo mu manifold (njila yolowela mpweya mu injini), kuseli kwa throttle (kacitseko ka mpweya kamene kamatseguka mukaponda accelerator), mumakhala kukoka kwamphamvu, ndiyo vacuum imeneyo. Mapaipiwa ndiwo amapeleka kukoka kumeneko ku brake booster (yopeputsa kuponda buleki), ku distributor (yogawa moto ku mapulagi), ku PCV valve (kavalavu kocotsa nthunzi ya oilo mu injini), komanso ku regulator ya petulo pa motoka za injection. Paipi imodzi ikang'ambika, injini imameza mpweya woculuka kuposa petulo amene ikulandila. Motoka imanjenjemela pa idling (injini ikamalila yokha osaponda accelerator), imazima pa maloboti, kapena idling imakwela yokha. Ngati motoka ili na kompyuta, nyale ya Check Engine ingayake, makina oyezela n'kuonetsa nambala ya P0171, kutanthauza kuti mpweya waculuka. Ambili amathamangila kumasula kabuleta na kugula mapulagi atsopano pomwe colakwika ni kapaipi kotalika ngati cala. Conde, yambani mwaona mapaipi.

Zimitsani injini, kokani handibuleki, dikilani kuti zitsulo zizizile. Musanagwile ciliconse jambulani injini na foni kucokela mbali zonse. Motoka zambili zili na cithunzi ca mayendedwe a mapaipi comatidwa kunsi kwa boneti, koma pa motoka yakale nthawi zambili cimakhala citafufutika, ndiye musadalile ico cokha.

Finyani paipi iliyonse na zala, maka-maka kumapeto kumene yavala kamlomo ka citsulo, cifukwa ming'alu imayambila kumeneko. Labala wabwino amafinyika n'kubwelela. Akauma gwa, akamanyenyeka, kapena akafewa n'kumamata m'manja, paipiyo yatha. Imene yadutsa pafupi na ekizozi ndiyo imayamba kuuma. Pindani pang'ono kuti ming'alu yobisika ioneke. Ngati simunapeze kanthu, lizani injini mumvetsele phokoso la mpweya woyamwidwa, kenako wazani madzi a sopo pa paipi imodzi-imodzi. Pamene kalilidwe ka injini kasintha, m'pamene pabooka. Manja, malaya na tsitsi zikhale kutali na fani na malamba. Musayese na petulo. Ngakhale carb cleaner (mankhwala oyeletsela kabuleta) imene amakanika ena amapopela imayaka ikagwela pa ekizozi yotentha.

Paipi imene ikali yabwino ipukuteni na nsalu yoviika m'madzi ofunda a sopo, iume bwino musanaibweze. Petulo, palafini na brake fluid zimaononga labala. Kamlomo ka citsulo kakatsekeka na mwaye, kabooleni na kawaya kofewa injini ili yozizila. Yang'ananinso mkati mwa paipi. Mukapeza oilo wambili, cotsani PCV valve muigwedeze. Yabwino imalila kacitsulo mkati, yakufa imangokhala cete. Mukapeza petulo m'paipi ya regulator, ndiye kuti labala wa mkati mwa regulator wang'ambika. Kupukuta sikungathandize. Sinthani regulator musanayendetse motoka.

Posintha, cotsani paipi imodzi, ikani yatsopano, ndiye pitani pa yotsatila. Musacotse onse nthawi imodzi. Pa kabuleta ya Corolla yakale pali timilomo tambili tofanana, ndipo mukasokoneza tiwili cabe motoka imayenda moipa kuposa poyamba. Saizi imayezedwa mkati mwa paipi. Yofala ni 3.5 mm, 4 mm na 6 mm, ndiye popita ku shopu tengani kaduswa ka yakale. Yaikulu pang'ono imalowa mosavuta koma imalowetsa mpweya. Paipi ikakanilila musaikoke mwamphamvu. Ipotozeni coyamba, ikakanabe ing'ambeni m'litali na lezala, cifukwa tolumikizila twa pulasitiki tumathyoka msanga tukakalamba. Dulani yatsopano molingana na yakale, nyowetsani kumapeto na madzi a sopo, osati gilisi, ndipo ikankheni mpaka kamlomo konse kabisike. Isapindike, isakhudze ekizozi. Kavalavu kalikonse kamene kali pakati pa paipi kabwezeni moyang'ana kumene kanayang'ana.

Timaona anthu akuika kapaipi ka dilipi ya kucipatala kapena ka madzi a pa windisikilini. Timapaipi timeneti tikatenthedwa timafewa n'kuphwatalala, mpweya osadutsa. Ena amatseka kamlomo na msomali. Zimenezi zingakufikitseni kunyumba tsiku limenelo, koma mawa lake ikani paipi yoyenela. Paipi ya silicone imapilila kutentha, koma musaiike pa PCV cifukwa kumadutsa nthunzi ya oilo.

Paipi ya brake booster ni nkhani ya moyo wanu na wa amene mwanyamula. Ni yonenepa, yolimbitsidwa mkati, ndipo ili na check valve imene imalola mpweya kupita mbali imodzi cabe, ku injini. Apa musaike paipi wamba ngakhale saizi itagwilizana, ndipo musamange na malegeni kapena waya. Gulani yopangidwila mabuleki, bwezelani makilampu ake. Mukatha yesani motele: injini ili yozima, pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka ilimbe, gwililani phazi pomwepo, lizani injini. Buleki iyenela kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikakhala yolimbabe, musalowe mumsewu. Kucoka kuno kupita ku Lilongwe, Mchinji mpaka pa Mwami mudzakwela na kutsika mapili a ku Ntcheu na Dedza, ndipo buleki yolimba pamtsetse imafuna mphamvu zimene mwendo ulibe. A motoka za dizilo dziwani kuti vacuum yanu imacokela ku pampu, imene pa motoka zambili zakale ili kumbuyo kwa alternator, ndiye onaninso paipi ya kumeneko.

Ngati muli na geji ya vacuum, ilumikizeni ku manifold injini itatentha. Injini yabwino pa idling imaonetsa pakati pa 17 na 22 inHg (muyezo wa vacuum pa geji) kumalo otsika ofanana na nyanja yamcele, ndipo nambalayi imatsika na 1 pa mamita 300 alionse okwela. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000, conco cotselani 3. Lusaka ni yokwela kuposa apa, pafupifupi mamita 1,300, conco cotselani 4. Cofunika kwambili n'cakuti muvi wa geji uime nji osagwedezeka. Mukayenda ulendo woyamba, tsegulaninso boneti injini itazizila, mukankhenso kumapeto kwa paipi iliyonse imene munasintha.