Mukupopera mbozi itakula kale

Chaka chino minda yambiri ya chimanga ikuoneka chimodzimodzi. Chimanga chafika m'chiuno, masamba ang'ambikang'ambika, kunsonga kwadzaza ndowe za mbozi, ndipo mwini munda ali yakaliyakali ndi pampu kumsana dzuwa lili paliwombo. Ndikafunsa kuti analowamo liti m'mundamo kukafufuza mazira kapena timbozi tating'ono, ambiri amati sanalowemo, anangoona chimanga chadyedwa n'kuthamangira mankhwala. Ndalama za alimi zikuthera pamenepa, koma mbozi ya fall armyworm siikufa.

Mabowo mukuwaonawo ndi akale. Tsamba la chimanga limadyedwa lidakali lopindika m'kati mwa nsonga, ndipo kung'ambikako kumadzaonekera likatambasuka patapita masiku. Pamene inu mukudzidzimuka, mbozi yomwe inadya tsambalo yakula, yatsikira pansi penipeni pa nsonga, ndipo pamwamba pake yatsekapo ndi ndowe zonga utuchi wonyowa. Mankhwala owaza pamwamba pa masamba amathera pa ndowezo. Nthawi zinanso mboziyo imakhala itachoka kale, yalowa m'nthaka kukasanduka gulugufe, ndiye mukupopera chimanga chomwe mulibemo kanthu.

Akatswiri a ku America, komwe mboziyi inachokera, anayeza kadyedwe kake kalekale. Gulugufe wake amauluka usiku n'kuikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, ndipo wamkazi mmodzi akhoza kuikira opitirira 1,000. Kukatentha mazirawo amaswa m'masiku 2 kapena 3 okha. Mbozi imakula m'magawo 6, ikufundula khungu pa gawo lililonse, ndipo zonsezi zimatha m'masabata awiri kapena kupitirirako pang'ono. Tsono mvetsetsani apa. Pa masamba onse omwe mbozi imodzi imadya pa moyo wake, magawo atatu oyambirira safika ndi 2 pa 100 aliwonse. Gawo lomaliza lokha limadya opitirira 75 pa 100 aliwonse. Ndiye kuti pali sabata pafupifupi imodzi yomwe mbozi ndi yaing'ono, yofooka, ili poyera pa tsamba, sinawononge kanthu, ndipo imafa mosavuta ngakhale ndi chala. Sabata imeneyi ndi yomwe alimi akuiphonya, n'kudzalimbana ndi mbozi yaikulu yomwe yamaliza kale ntchito yake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chilombochi si chachilendonso. Chinaoneka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016, kumadzulo, m'mayiko ngati Nigeria ndi São Tomé. Pofika 2017 chinali chitafika kum'mwera kwa Africa, mu 2018 ku India, mu 2019 ku China, mu 2020 ku Australia. Zaka zonsezi zapita koma tikuchitabe zomwe tinazolowera ndi ntchemberezandonda zakale zija, zobwera chigulu, zooneka ndi maso patali, kudya n'kupita. Iyi siipita. Paliponse pamene kuli kotentha ndipo pali chimanga chobiriwira, kaya cha mvula kaya chamthirira, imaswana chaka chonse, mbadwo watsopano pafupifupi mwezi uliwonse. Gulugufe wake akathandizidwa ndi mphepo amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi. Kudikira kuti muione ndiye muchitepo kanthu n'kuipatsa munda.

Mayi wina anandiitana kumunda kwake atakwiya. Anali atapopera kale kangapo, ndipo ulendo womaliza anawonjezera muyezo wa mankhwala kuposa womwe walembedwa pa botolo.

"Alangizi, mankhwala a masiku ano ndi madzi enieni," anatero. "Taonani chimanga changachi."

"Mayi, tiyeni titsekule nsonga imodzi tione limodzi," ndinawayankha.

Titatambasula masamba tinapeza mbozi imodzi yonenepa, yaitali ngati theka la chala, yamoyo bwinobwino, pouma penipeni pansi pa ndowe. Ndinawaonetsa chizindikiro cha Y wozondoka pamutu pake ndi madontho anayi akuda chakumchira. Anadabwa kuti phesi lonselo lawonongedwa ndi mbozi imodzi yokha. Zimatero ndithu, chifukwa zikakula zimadyana zokhazokha mpaka kutsala imodzi kapena ziwiri pa nsonga. Kenaka mayiwo anandiuza zina zomwe ndinazimvetsera kwambiri. Mizere ya kumapeto kwa munda, kufupi ndi tchire, sanaipopere chifukwa mankhwala anawathera, koma kumeneko chimanga sichinaipe kuposa chinzake. Titapitako tinapeza nyerere zikukwera m'mapesi, akangaude, ndi mbozi ina yakufa yomera nkhungu thupi lonse.

Munda umodzi si kafukufuku, koma zomwe mayiwo anaona zikugwirizana ndi zomwe ofufuza akupeza. Mboziyi ili ndi adani ake. Pali timavu tating'ono kwambiri totchedwa Telenomus remus tomwe timaikira mazira ake m'kati mwa mazira a gulugufeyu, moti m'malo mwa mbozi mumatuluka timavu. Pamene akatswiri ankalingalira zoti akatitenge ku America, lipoti la mu 2019 linasonyeza kuti tilipo kale m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Kenya, Benin ndi South Africa. Palinso mavu ena ngati Cotesia icipe omwe amaboola timbozi tating'ono, palinso nyerere, mbalame, nkhungu ndi mavairasi omwe amapha mbozi. Mankhwala opha chilichonse ngati cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin, mukawawaza munda wonse masana, amapha tizilombo tothandizati poyamba chifukwa tili poyera, pamene mbozi yaikulu yabisala. Gulugufe wina akabweranso mawa lake amapeza munda wopanda womulondera, ndipo mazira ake ambiri amaswa. Mlimi amaona ngati mbozi zachuluka chifukwa anapopera pang'ono, n'kukagulanso botolo lina.

Botolo linalo nthawi zambiri limakhala la mankhwala omwewo, mwina dzina lokha la pamwamba ndi lomwe lasintha. Ku America mboziyi inayamba kale kupirira mankhwala a magulu a pyrethroid, organophosphate ndi carbamate, ndipo ofufuza apeza kuti mbozi zomwe zinafalikira ku Africa ndi Asia zinabwera ndi chibadwa chopirira ena mwa mankhwalawa. Mbozi yaikulu ikangokhudzidwa pang'ono ndi mankhwala osafa, ndi yomweyo imadzaswa ana olimba. Mankhwala a emamectin benzoate akugwirabe ntchito m'malo ambiri, koma tikamawapopera okhaokha sabata iliyonse nawonso adzatha mphamvu. Za anthu opopera opanda chotseka kukamwa, manja ali pamtunda, mwana akutsatira kumbuyo, ndalankhula kambirimbiri ndipo ndizilankhulabe, chifukwa poizoni yemwe walephera kufika pa mbozi amafika m'thupi mwa munthu.

Mantha nawonso akutipweteka. Mu 2017 bungwe lofufuza za ulimi la CABI linayerekeza kuti mayiko 12 a mu Africa akhoza kumataya matani 8.3 miliyoni mpaka 20.6 miliyoni a chimanga pa chaka ngati palibe chochitika, ndipo chenjezo limenelo linali loyenera. Koma ofufuza a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, ndi anzawo atayeza zokolola zenizeni m'minda ya alimi ang'onoang'ono kum'mawa kwa Zimbabwe, lipoti lawo la mu 2019 linapeza kuti mboziyi inachotsa pafupifupi 12 pa 100 aliwonse. Ndi zambiri ndithu, koma si munda wonse monga momwe masamba ong'ambika amatiopsezera. Anapezanso kuti kuwonongeka kunali kochepa m'minda yopaliridwa pafupipafupi ndi yosagaula. Chimanga chodya bwino ndi chopeza chinyontho chimaphukanso masamba ena n'kubereka. Choopsa chenicheni chili pawiri, pamene mbozi yadula mtima wa chimanga chaching'ono chongomera kumene, ndi pamene yalowa m'chisononkho ngayaye zitatuluka. Ndalama zomwe zikupita ku kupopera kwachinayi chimanga chili m'chiuno zikanathandiza kwambiri zikanagula feteleza wobereketsa kapena kulipira wopalira.

Nanga tichite chiyani? Lowani m'munda chimanga chikangomera, kamodzi pa sabata, kawiri ngati kukutentha ndipo mvula yadula. Yendani mokhotakhota ngati chilembo cha W, osati m'mphepete mokha, imani malo 5, ndipo pamalo aliwonse onani mapesi 10 mpaka 20. Tembenuzani masamba mufufuze mazira ounjikana okutidwa ndi ubweya wotuwa, ndi timalo toyera topalidwa pa tsamba pomwe kuwala kukudutsa koma sipanabooke. Mazira ndi timbozi tiphwanyeni pomwepo, pa munda waung'ono zimenezi zokha zimachepetsa vuto kwambiri. Werengani mapesi omwe ali ndi zizindikiro zatsopano. Chimanga chikadali chaching'ono, ganizirani za mankhwala akafika 20 pa 100 aliwonse, chikakula chisanamasule ngayaye akafika 40 pa 100 aliwonse. Kukagwa mvula yamphamvu bwererani mukaonenso musanapopere, chifukwa imakokolola ndi kumiza timbozi tambiri.

Mukafika popopera, poperani m'mamawa kwambiri kapena chakumadzulo pamene mbozi zikudya, lozetsani nozo, kukamwa kwa pampu, m'kati mwa nsonga ya phesi lililonse, tsatirani muyezo wa pa botolo, ndipo ulendo wotsatira sinthani gulu la mankhwala powerenga dzina la mphamvu yake lolembedwa ndi tizilembo tating'ono. Mankhwala a nimu ndi a Bt (opangidwa kuchokera ku bakiteriya wopha mbozi) amagwira timbozi tating'ono ndipo sasakaza kwambiri tizilombo tothandiza, koma pa mbozi yaikulu musawadalire. Chaka chamawa bzalani ndi mvula yoyamba, munda wonse nthawi imodzi, chifukwa chimanga chochedwa chimalandira agulugufe onse ochokera kwa anzanu. Sakanizani ndi mbewu zamtundu wa nyemba, ndipo siyani mitengo ndi zomera zamaluwa m'malire kuti timavu tija tipeze chakudya. Amene mungapeze mbewu ya desmodium (chomera cha mtundu wa nyemba) ndi udzu wa brachiaria yesani njira ya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe yobzala desmodium pakati pa mizere ndi udzuwo kuzungulira munda, yomwe pa kafukufuku wa ku Kenya, Uganda ndi Tanzania wa mu 2018 inachepetsa mbozi pa phesi ndi kupitirira 80 pa 100 aliwonse. Koma ngati chimanga chanu chamasula kale ngayaye ndipo mbozi zalowa m'zisononkho, ikani pampu pansi, mankhwala sangazipezenso m'menemo.