Mmene mungagulire tikiti ya ndege ku Tete osakudulani khosi

Muyambe mwachotsa m'mutu zoti mtengo wa ndege umayendera kutalika kwa ulendo, ayi ndithu, umayendera kuti wokwerayo ali ndi kothawira kapena ayi. Ndege za mkati mwa Mozambique muno ndi za kampani ya dziko lino ya LAM pafupifupi zonse, Fastjet inayesako mu 2017 n'kusiya mu 2019, Ethiopian Mozambique inabwera 2018 koma pofika 2021 inali itaimika ndege zake, ndiye wogulitsa akatsala yekha pamsika mukudziwa kale, sanenerera.

Komanso taonani amene amakhala mipando yakutsogolo ija, ya executiva, pa bwalo la ndege la ku Tete la Chingozi. Ambiri ndi mabwana a kumigodi ya malasha ku Moatize, tikiti imalipira kampani, amagula mawa lake akunyamuka ndipo mtengo safunsa nkomwe. Mtengo wakutsogolo amawaikira iwowo. Inu wolipira za m'thumba musapikisane nawo.

Chochita n'chakuti gulani kudakali milungu ingapo, chifukwa mipando ya ndege imodzi yomweyo imagulitsidwa m'magulumagulu, otchipa amayamba kutha kenako kompyuta imatsegula gulu lodula, n'chifukwa chake wokhala naye pambali akhoza kukhala analipira theka la zanu koma juwisi mukumwa yemweyo. Lolemba ndi Lachisanu muzipewe ngati ulendo ukulola, Disembala ndiye osanena.

Ngati mukupita kunja musathamangire kudzera ku Maputo. Ya ku Johannesburg yerekezani kaye ndi Airlink, kampani ya ndege ya ku South Africa imene imanyamukira pa Tete pomwe. Ndipo abale anga a ku Angónia, inu muli ndi mwayi umene ena alibe, kuchoka pa Ulongwe kudutsa pa Calomue kulowa Dedza, Lilongwe mwafika kale kuposa kutsikira ku Tete, ndipo kumeneko kuli Malawi Airlines, Ethiopian ndi Kenya Airways, akulimbirana anthu omwewo. Bola muwerengere zonse, shapa, kusintha metikali kupita kwacha, mwina ndi malo ogona, nthawi zina zimangofanana.

Ofuna kulawa executiva, gulani yakumbuyo kaye kenako pa kauntala potumiza chikwama mufunse ngati kutsogolo kwatsala malo ndi kuti kuwonjezera kwake ndi zingati, mpando wopita wopanda munthu kampani siipindula nawo ndiye nthawi zina amatsitsa. Koma ulendo wa ku Maputo wa maola awiri okha, ine ndalama imeneyo ndingalipirire chikwama chachiwiri.

Musanalipire muwerenge ngati tikitiyo imalola kusintha tsiku, zotchipa zambiri mukasintha amakulipitsani chindapusa.